Mwana wa m'Motelo ndi Gule wa Ballet

Makolo ambirife tikamva kuti mwana afuna kuphunzira kuvina, timati akuthaŵa ntchito. Tisanaweruze, timve za Misty Copeland wa ku America.

Mtsikanayu, mai ake ndi abale ake analibe nyumba yawoyawo. Ankakhala mothithikana m'motelo ku Gardena, California, ana n'kumagona pansi. Ali ndi zaka 13, mphunzitsi Cindy Bradley anamuona pa kalabu ya ana ku San Pedro, nayamba kumphunzitsa ballet mwaulere. Uyu ndi gule wochokera ku Ulaya, amene akazi amavina ataima pansonga za zala za kumapazi.

Ife aphunzitsi tidziŵa chimene mwana wongosamukasamuka amasoŵa: malo amodzi omyembekeza tsiku ndi tsiku, ola lomwelo, ndiponso wamkulu womuwongolera mosatopa. Ballet imapereka zimenezi, pakuti phazi limodzi lomwelo alibwereza kambirimbiri kufikira likhale bwino. Mwana wamanyazi uja anayamba kuimika mutu.

Koma panali choŵaŵa. Bradley anamtenga kukakhala kwawo, ndipo mu 1998 mai ake ndi banja la mphunzitsiyo anafika mpaka kukhoti. Misty anabwerera kwa mai ake. Ife tiona kuti wothandiza mwana wa mmphaŵi ayenera kulemekezanso kholo lake, ngakhale kholo lilibe kanthu.

Kuvina sanasiye. Mu 2015 anakhala mkazi wakuda woyamba kukwezedwa paudindo wa wovina wamkulu ku American Ballet Theatre, ndipo anatsazika gululo mu 2025.