Chikwangwani cha pageti sichilera galu

Yendani ku Namiwawa, ku Area 47 kapena ku Katoto, mupeza mageti ambirimbiri atapachikidwa chikwangwani chochenjeza kuti muno muli agalu olusa. Eni ake amachinyadira ngati satifiketi ya sukulu. Ine ndikuti nthawi zambiri chikwangwani chimenechi ndi umboni woti mwini nyumba chiweto chake chamukanika.

Taonani mmene tikulerera agalu m'tauni muno. Munthu agula kamwana ka Boerboel kapena Rottweiler pamtengo woposa malipiro a mlonda wake, nkukatsekera m'kakhola ka mdima dzuwa lonse, osaona munthu. Ena amathira tsabola m'chakudya chake, ena mpaka chamba, ati kuti aluse zenizeni. Usiku ndiye amamumasula. Galu woleredwa chonchi amaluma chifukwa cha mantha, ndipo sasiyanitsa mbala ndi mwana wa aneba amene walowa kudzatola mpira. Olumidwa amakhala ndani? Mtsikana wantchito, bambo owerenga mita ya madzi, mayi ogulitsa masamba. Mbala yeniyeni imangoponya nyama ya tameki pamwamba pa mpanda, galu uja nkumeza, basi ulonda wathera pomwepo.

Ndikudziwa ena muti kuphunzitsa galu ndi zachizungu, za anthu osowa chochita. Abale inu, tisanamizane. Makolo athu popita kuuzimba, galu ankamva likhweru la mbuye wake pakati pa agalu a mudzi wonse, ankagwira kalulu osamudya, akaitanidwa nkubwerera. Anamuphunzitsa ndani, mzungu? Ng'ombe zapangolo zimamva mawu a mnyamata wa zaka 12. Luso limeneli ndi lathu lomwe, tangolitaya titalowa m'mipanda ya njerwa.

Ndipo ntchito yake si yofuna ndalama. M'mera mpoyamba. Madokotala a ziweto amati galu amazolowera anthu msanga akakhala pakati pa masabata 3 ndi 12, choncho nthawi imeneyo azionana ndi ana, alendo, nkhuku ndi njinga, azigwidwa makutu ndi mapazi. Kenako mawu anayi okha: bwera, khala, gona, siya. Mphindi 10 patsiku zakwana. Akamvera mupatseni kabonya nthawi yomweyo, kuti adziwe chimene walipidwira. Pakhomo ponse mawu akhale amodzimodzi, osati bambo akuti khala, mlonda akuti choka, ana akungokuwa. Chikoti chisiyeni. Galu womenyedwa amangophunzira kuopa dzanja la munthu, ndipo tsiku lina adzaliluma dzanjalo.

Palinso nkhani ya chiwewe, imene ambiri saigwirizanitsa ndi mwambo wa galu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewo amawatenga kwa agalu, ndipo anthu 4 mwa 10 alionse amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, kuchira kulibe. Kuti matendawa athe m'dera, pamafunika kubaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo ana amapita kumalo obayira atakoka agalu awo pachingwe. Nanga galu amene ngakhale mwini wake amamuopa, amene amapatsidwa nsima pomukankhira mbale ndi ndodo, angapite naye ndani kukatemera? Ameneyo amafuna anthu amuzinge ndi ukonde, apo ayi chaka chimadutsa osabayidwa.

Kwa anzathu boma linachita kulowererapo. Ku Britain anakhazikitsa lamulo la agalu oopsa m'chaka cha 1991, ndipo kuyambira mu 2024 ku England ndi Wales munthu saloledwa kusunga galu wa mtundu wa XL Bully popanda chilolezo chapadera. Ine sindikhulupirira kuti kuletsa mitundu ya agalu ndiye mankhwala, poti ngakhale galu wachikuda mukamutsekera ndi kumuzunza amasanduka chilombo. Wofunika kumufunsa ndi mwini wake.

Choncho a khonsolo a m'mizinda yathu asamangoyembekeza kuti mwana alumidwe. Woweta galu azionetsa kadi la katemera, ndipo ogulitsa tiana ta agalu m'mbali mwa msewu azifunsidwa komwe atitenga. Inunso bwana, madzulo ano mukaweruka, imani pakhonde muitane galu wanu kamodzi kokha. Akabwera nkukhala pansi, muli ndi mlonda. Akapanda kubwera, yambani mawa lomwe kumuphunzitsa, musanakayankhe mlandu wa mwana wa mnzanu.