Timalamba ta Mapepala Pophunzira Magawo

Mwana akafunsidwa kuti chachikulu n'chiti pakati pa 1/4 ndi 1/8, kawirikawiri amayankha kuti ndi 1/8, poganiza kuti 8 imaposa 4. Mwana wotere si wopusa ayi. Vuto lake ndi lakuti anakopera manambala pa bolodi asanaone ndi maso zimene manambalawo akuimira. N'chifukwa chake phunziro la magawo liyenera kuyamba ndi timalamba ta mapepala, ndiko kuti timapepala todulidwa motalika ngati lamba.

Mphunzitsi amapatsa ana timalamba tinayi. Koyamba amakasiya kathunthu. Kachiwiri amakapinda pakati, ndipo magawo amakhala awiri. Kachitatu akakapinda kawiri, magawo amakhala anayi. Kotsiriza akakapinda katatu, magawo amakhala asanu ndi atatu. Akatifunyulula ndi kutindandalika, kena m'munsi mwa kanzake, ana amaona okha kuti mzere wa pakati ukugwera pamalo amodzimodzi. Pamenepo amazindikira kuti 1/2, 2/4 ndi 4/8 ndi mayina atatu a muyeso umodzi. Amaonanso kuti magawo akamachuluka, gawo lililonse limachepa.

Alipo ena onena kuti kupinda mapepala n'kutaya nthawi. Iwo amati n'kwapafupi kungouza ana lamulo lakuti nambala ya pamwamba ndi ya pansi zichulukitsidwe ndi nambala imodzimodzi. Lamulolo ndi loona, koma chongoloweza pamtima sichichedwa kuiwalika, pamene chimene manja agwira chimakhazikika m'mutu. Enanso amadandaula za kusowa kwa zipangizo. Komatu nyuzipepala yakale, chikuto cha kope lotha, ngakhale mlaza umene, zonsezi zimagwira ntchito. Chofunika n'chakuti timalamba tonse tikhale totalika mofanana, pakuti theka la nzimbe yaifupi silingafanane ndi theka la nzimbe yaitali.

Nzeru imeneyi sithera m'kalasi. Mlimi amene wasonkherana ndi mnzake thumba la feteleza la makilogalamu 50, akapatsidwa magawo awiri mwa magawo anayi, amadziwa kuti walandira makilogalamu 25, theka lenileni, ndipo sipakhala mkangano. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Mwana wopinda pepala lero ndiye adzagawe munda wa makolo mwachilungamo mawa.

Mafunso
1. Chifukwa ninji ana ena amaganiza kuti 1/8 imaposa 1/4?
2. Tchulani zinthu ziwiri zimene zingadulidwe kukhala timalamba.
3. Kodi mwambi wakuti "m'mera m'poyamba" utanthauzanji?