Wotchi ya pulatinamu ndi okumba a ku Rustenburg

Amalawi amene ankabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni m'masiku a Wenela ankadziwika ndi wotchi yonyezimira pamkono. Mudzi wonse unkadziwa kuti thukuta lawo lapindula.

Masiku ano migodi ya m'dera la Rustenburg imatulutsa pulatinamu, chitsulo chimene makampani a ku Switzerland monga Rolex ndi Patek Philippe amapangira mawotchi awo ena odula kwambiri. Kunena zoona, pulatinamu wambiri amathera m'zipangizo zosefa utsi wa galimoto, ndipo wa mawotchi ndi wochepa. Komabe wotchiyo imaonetsa poyera kusiyana kwa wokumba ndi wovala.

Pa 16 Ogasiti 2012, apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito pamgodi wa Lonmin ku Marikana, amene ankanyanyala ntchito pofuna malipiro a R12,500 pamwezi. Chaka chotsatira, Rolex inatulutsa wotchi ya Daytona yapulatinamu, imene mtengo wake lero umaposa R1 miliyoni. Ngakhale akanalandira malipiro amene ankafunawo, wokumba akanafunika kusunga ndalama zonse, osagula ngakhale ufa, kwa zaka zoposa 6 kuti aigule.