NDEMANGA: Dzina lalikulu silipalira munda

Aliyense woyenda pa mseu wa Kafue akuona mmene malo a ku Lilayi ndi Makeni asinthira. Minda ina yadulidwa maploti, ina yagulidwa ndi mabanja olemera a ku Kabulonga ndi Woodlands amene amapitako pa Ciweru kukacita maphwando. Tisanayambe kuwasirira, ife tikuti tiyeni tikumbukire mbiri ya banja lina lochuka m'dziko lino.

Stewart Gore-Browne anabadwira ku London mu 1883 m'banja la anthu apamwamba. Anafika kuno mu 1911 pa nchito yolemba malire a dziko lino ndi Congo, ndipo mu 1914 anaona nyanja ya Shiwa Ng'andu kufupi ndi Chinsali, naikonda. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka anakamenya ku France mpaka anakhala Lieutenant Colonel. Mu 1920 anabwerera ku Shiwa kukamanga cinyumba ca njerwa cimene cikalipo mpaka lero.

Nanga ndalama zinali kucokera kuti? Zambiri zinali za azakhali ake, Dame Ethel Locke King, mai wolemera amene pamodzi ndi mwamuna wake anamanga bwalo la mpikisano wa magalimoto la Brooklands ku England mu 1907. Famu payokha siinali kubweretsa phindu lokwanira. Mitengo ya malalanje ndi mandimu, imene anali kuyengamo mafuta onunkhiritsa, inafa ndi matenda m'zaka za m'ma 1950. Ukwati wake wa mu 1927 nawonso unatha.

Sitikubisa zoipa zake. Mkuluyu anali waukali ndipo anali kumenya anchito, n'cifukwa cake anamucha dzina lakuti Chipembele. Koma anamanganso sukulu ndi cipatala pa famupo. Kuyambira mu 1935, caka cimene Lusaka anakhala likulu, mpaka mu 1951, anakhala m'nyumba ya malamulo ndipo anali kulankhulira anthu akuda. Anathandiza a Harry Nkumbula kukaphunzira ku Makerere, ndipo pambuyo pake anagwirizana ndi cipani ca UNIP pomenyera ufulu. Atamwalira mu 1967 boma ndilo linayendetsa maliro ake, a Kaunda ali pomwepo.

Mu 1992 mwana wake wamkazi ndi mwamuna wake anaphedwa ndi anthu a mfuti pa famu yao ku Chisamba. Cinyumba ca ku Shiwa cinayamba kudontha ndi kugumuka mpaka mdzukulu wake anayamba kucikonza, ndipo tsopano cimalandira alendo odzaona malo.

Phunziro lake ndi ili: munda wodalira thumba la wacibale wakutali suima paokha, ndipo dzina la banja siligwira khasu. Anthu akumbukira Chipembele cifukwa ca sukulu, cipatala ndi mau amene analankhula pamene azungu anzake anali cete.

Conco kwa inu olemera amene mwagula malo ku Lilayi, tikupempha kuti muwalime. Lipirani anchito anu pa nthawi yake, ndipo mjigo umene mwakumba uthandizenso a pafupi nanu. Mpanda wautali ndi nyimbo za usiku sizidzasiyira ana anu dzina labwino.

Kwa inu alimi anzathu, musathamangire kugulitsa munda kuti mugule galimoto. Lembetsani malo anu, phunzitsani ana ulimi mukali ndi mphamvu, ndipo konzani za colowa musanadwale, kuti amasiye asadzathamangitsidwe.

Nawonso akulu a mpingo m'maparishi athu aleke kupatsa munthu mpando wa kutsogolo cifukwa ca copereka cake pamene anchito ake apita miyezi osalandira malipiro. Amufunse kaye za anchitowo. Wakutsina khutu ndi mnansi.