Mizu ya Bulugama m'Dimba

Omvera athu a ku Dowa ndi ku Ntchisi, tikambeko za kudimba. Ambiri munadzala bulugama m'mphepete mwa dambo kuti muzidula nsichi za zigafa za fodya. Lero mizu yake yalowerera m'mabedi a matimati ndi mpiru. Mukathirira m'mawa, pofika masana dothi lauma gwa, mbewu zafota.

Kumbani ngalande yozama kupitirira bondo pakati pa mtengo ndi bedi, mudule mizuyo ndi nkhwangwa. Imameranso, choncho chaka chamawa mudzabwerezenso.

Msangu wokha usiyeni. Umayoyola masamba m'dzinja, ndipo chimanga chimachita bwino pansi pake. Koma mbande za bulugama zili kunazalezo, kadzaleni kumtunda, kutali ndi dambo.