Kazembe Akalankhula za Mankhwala Obedwa

Mu May 2025, kazembe wa America ku Lusaka, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lawo lichepetsa thandizo la mankhwala ndi madola 50 miliyoni pachaka chifukwa cha kuba. Nduna yoona za maiko akunja, a Mulambo Haimbe, anachenjeza akazembe kuti azibweretsa madandaulo awo kuboma, osati kwa atolankhani.

Kodi lamulo likuti chiyani? Pangano la ku Vienna la 1961 limateteza kazembe: samangidwa, saimbidwa mlandu waupandu m'makhoti athu, ndipo apolisi salowa muofesi yake popanda chilolezo chake. Komabe Gawo 41 limamulamula kulemekeza malamulo athu ndi kusalowerera nkhani zam'kati mwa dziko. Gawo 9 limalola boma kumuchotsa popanda kupereka chifukwa. Mu 2018 Zambia inapempha Cuba kuitanitsa kazembe wake atalankhula pamsonkhano wokhazikitsa chipani cha Socialist.

Choncho nduna inali ndi poimira. Koma ife a mipingo ya kuno ku Luangwa, kumene malungo savuta kupeza m'midzi ya m'mbali mwa Zambezi, tikuona kuti funso lalikulu latsala. Mankhwala a malungo, TB ndi HIV anaperekedwa kwaulere. Anawagulitsa ndani?

Kazembe angachoke mawa, koma mayi wa ku Feira adzafunabe mankhwala a mwana wake. Abale ndi alongo, tisadikire mlendo kuti atinenere. Tifunse makhansala ndi phungu wathu, ndipo tikaona mankhwala aboma akugulitsidwa, tikanene kupolisi.