KUMWERA KWA AFRICA: Phokoso la m'mabala siligonja pokhapokha chiphaso chikakhala pachiswe

JOHANNESBURG - Kuyambira ku Soweto m'dziko la South Africa, kudzera ku Kanyama mumzinda wa Lusaka mpaka ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, usiku wa Lachisanu ndi Loweruka ndi nthawi imene mabanja ambiri amaona tulo movutikira. Mabala, mashabini ndi mabotolo sitolo amene anamangidwa pakati pa nyumba za anthu amaliza nyimbo kufikira mbandakucha, ndipo ozunzika kwambiri ndi odwala, makanda, okalamba ndi ana a sukulu amene akukonzekera mayeso.

Maiko atatu onsewa ali ndi malamulo oletsa phokoso. Nanga ndi chifukwa chiyani nyimbo sizitsika? Zomwe zakhala zikuchitika ku South Africa, kumene malamulowa analembedwa mwatsatanetsatane, zikuonetsa kuti chiwerengero cholembedwa m'buku sichizimitsa sipika. Mwini bala amatchera khutu pamene waona kuti phokoso lingamutayitse chiphaso chogulitsira mowa.

Nkhani ya umoyo

Kukula kwa phokoso kumayezedwa m'madesibelo. Mu 1999 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti phokoso la m'chipinda chogona lisapitirire madesibelo 30 usiku, ndipo kunja kwa nyumba lisapitirire 45, kuti munthu athe kugona zenera lili lotsegula. Mu 2022 bungwe lomweli linati m'malo a zisangalalo nyimbo zisapitirire madesibelo 100, ndipo linachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni a zaka zapakati pa 12 ndi 35 ali pachiopsezo chogontha kaamba ka nyimbo zokwera kwambiri.

Muyesowu sukwera ngati wa pasikelo yoyezera chimanga. Phokoso likakwera ndi madesibelo 10, mphamvu yake imakhala itachulukitsidwa kakhumi. Kotero pakati pa 100 wa m'bala ndi 30 wa kuchipinda pali mtunda waukulu, umene denga la malata ndi khoma la njerwa imodzi sizingathe kutseka. Mawu a besi, aja ogunda pachifuwa, ndi amene amadutsa makoma mosavuta. Madokotala akhala akuchenjeza kuti kusagona mokwanira kwa nthawi yaitali kumaonjezera chiopsezo cha kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima, komanso kumabwezera m'mbuyo ana pa maphunziro awo.

Njira ziwiri za ku South Africa

Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko la South Africa a 1996 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo osaononga umoyo wake, ndipo malamulo omwewo amaika nkhani ya phokoso m'manja mwa makhonsolo. Malamulo a dziko lonse oletsa phokoso anatuluka mu 1992, kenaka chigawo cha Gauteng chinakhazikitsa ake mu 1999 ndipo cha Western Cape chinakonzanso ake mu 2013.

Malamulo a 1992 amagawa phokoso pawiri. Loyamba ndi loyezedwa ndi makina: likaposa phokoso la nthawi zonse la pamalopo ndi madesibelo 7 kapena kupitirira apo, ndiye kuti lamulo laphwanyidwa. Palinso muyeso wa dzikolo wotchedwa SANS 10103, umene umati m'madera okhala anthu mumzinda phokoso lakunja liyenera kukhala la madesibelo 55 masana ndi 45 usiku, ndipo usikuwo umayamba 10 koloko kufikira 6 koloko m'mawa. Lachiwiri ndi phokoso lililonse losowetsa munthu mtendere, ndipo ili silifuna makina. Umboni wa anthu ovutikawo ndi umene umaunikidwa.

Kusiyanaku n'kofunika. Kuti muyeso wa makina ulandiridwe kubwalo la milandu pamafunika chida chovomerezeka ndi wogwira ntchito wophunzitsidwa bwino. Koma ofesi za zaumoyo za makhonsolo zimatsegulidwa masana, pomwe nyimbo zimafika pachimake pakati pa usiku. Ngakhale woyezayo atafika, woseweretsa nyimbo akangoona galimoto ya boma amatsitsa, n'kukwezanso ikangokhota pakona. Kwa makhonsolo osauka, njira yachiwiri ija ndi imene ili pafupi.

Vuto lina ndi kugawanika kwa mphamvu. Ku South Africa phokoso ndi nkhani ya khonsolo, chiphaso cha mowa chimaperekedwa ndi bungwe la chigawo, pamene omwe amayankha lamya usiku ndi apolisi. Wodandaula amatha kutumizidwa kuchoka ku ofesi ina kupita ku ina mpaka atatopa, bala lija likugulitsabe.

Phunziro la ku Enyobeni

Pa 26 June 2022, achinyamata 21 anafa pamalo omwera mowa otchedwa Enyobeni ku Scenery Park, East London, m'chigawo cha Eastern Cape. Wamng'ono pa onse anali ndi zaka 13. Phokoso si limene linapha anawa. Komabe zitachitika izi zinadziwika kuti anthu oyandikana ndi malowa anali atadandaula kale za phokoso ndi kutsegula mpaka usiku kwambiri, komanso kuti nyumbayo inamangidwa popanda mapulani ovomerezeka m'dera lokhala anthu.

Mu 2024 bwalo la milandu linapeza eni malowa olakwa pa mlandu wogulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18, ndipo aliyense anamulamula kulipira chindapusa cha 5,000 randi. M'chaka chomwecho bungwe loona za ufulu wachibadwidwe m'dzikolo linatulutsa lipoti lodzudzula bungwe lopereka ziphaso za mowa m'chigawocho, khonsolo ya Buffalo City ndi apolisi kaamba kolephera ntchito yawo.

Phunziro lake ndi lakuti dandaulo la phokoso kawirikawiri ndi chizindikiro choyamba chakuti pamalo pali zambiri zokhota. Bala limene likuliza nyimbo 3 koloko m'mawa ndi lomwelonso limene lapitirira nthawi yotsekera, ndipo mwina palibe amene akuyang'ana msinkhu wa olowa kapena kuchuluka kwawo. Boma limene limaona phokoso ngati kamkangano ka anthu oyandikana nyumba limataya mwayi woona ngozi isanagwe.

Malawi ndi Zambia

Ku Zambia, lamulo la zachilengedwe la 2011 linakhazikitsa bungwe la ZEMA, lomwe mwa ntchito zake muli kuyang'anira phokoso. M'chaka chomwecho munatuluka lamulo latsopano la ziphaso za mowa, ndipo mu 2012 boma linalamula kuti mabala azitsegulidwa 10 koloko m'mawa ndi kutsekedwa 10 koloko usiku. Ku Malawi, lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA ndipo limazindikira ufulu wa munthu aliyense wokhala pamalo aukhondo ndi osaononga umoyo, pomwe lamulo la maboma ang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo a m'madera awo.

Maiko awiriwa ali ndi mwayi umene South Africa alibe. Chiphaso chogulitsira mowa m'bala chimachokera kukhonsolo, komwe ndi komwenso kumapita madandaulo a phokoso ndi nkhani za kagwiritsidwe ntchito ka mapuloti. Chingwe chonse chili m'dzanja limodzi.

Koma pomwepo ndi pamene pali yesero. Ziphaso ndi imodzi mwa njira zimene makhonsolo amapezera ndalama, ndipo bala lililonse lotsekedwa ndi ndalama yotayika. Pachifukwachi n'kosavuta kuti nyumba yogonamo isanduke bala popanda oyandikana nayo kufunsidwa, ndipo chiphaso chizingokonzedwanso chaka ndi chaka popanda wofunsa ngati pali madandaulo.

Mbali ya eni mabala

Kungotseka malo onse si yankho. Mashabini a ku South Africa anabadwa m'nthawi imene malamulo a tsankho ankaletsa anthu akuda kugula mowa wachizungu, chiletso chomwe chinachotsedwa mu 1962. Amayi ambiri analera ndi kuphunzitsa ana ndi ndalama ya mowa wofulula okha, ndipo nyimbo za marabi zinakulira m'malo amenewa. Mpaka lero, m'madera mmene ntchito ndi zosowa, bala limodzi limadyetsa mwini wake, operekera mowa, alonda, owotcha kanyenya ndi oimba.

Mzinda wa Nairobi ku Kenya unayesa njira yokhwima. Mu November 2022 bwanamkubwa Johnson Sakaja analengeza kuti wathetsa ziphaso za malo ovinira usiku amene anali m'madera okhala anthu. Eni nyumba ambiri anakondwa, koma eni malowo anadandaula kuti anthu ochuluka ataya ntchito, ndipo madandaulo a phokoso sanathere pomwepo. Chilengezo chimodzi, ngakhale chamkokomo, sichilowa m'malo mwa kuyendera malo kwa sabata ndi sabata.

Zimene zingathandize

Njira yooneka yodalirika ndi kulemba za phokoso pa chiphaso penipeni: nthawi yotsitsira nyimbo, kuletsa masipika a pakhonde ndi pabwalo, ndi zotsatira zake kwa wophwanya, kuyambira chenjezo, chindapusa, kuimitsidwa kwa kanthawi mpaka kulandidwa chiphaso. Chindapusa chokha sichiopsa munthu amene angachibweze ndi malonda a usiku umodzi. Khonsolo iyeneranso kusunga kaundula wa madandaulo ndi kumutsegula pa nthawi yokonzanso ziphaso.

Zambiri zimene mwini bala angachite sizifuna ndalama zochuluka. Kulowetsa masipika m'kati ndi kuwalozetsa kutali ndi nyumba za anthu, kuwachotsa pakhoma logundana ndi nyumba ina, kutseka zitseko ndi mazenera, ndi kuchepetsa besi ikakwana 10 koloko usiku, zonsezi zimachepetsa phokoso popanda kuthamangitsa makasitomala.

Nawo anthu okhala pafupi ali ndi gawo lawo. Choyamba ndi kukambirana ndi mwini malo, ngati n'kotheka pamaso pa mfumu ya m'deralo kapena khansala. Zikakanika, dandaulo lilembedwe m'kalata, osati kungoimba lamya, ndipo likhale ndi masiku ndi maola amene phokoso linachitika. Mutu umodzi susenza denga: kalata yosainidwa ndi mabanja 20 ndi yovuta kuibisa m'kabati, komanso imateteza munthu mmodzi kuti asadedwe yekha. Kalatayo ipite kukhonsolo, kupolisi ndi kwa opereka chiphaso, odandaula n'kusunga yawo yodindidwa. Foni yam'manja ikhoza kujambula phokoso ndi kuonetsa nthawi yake, ngakhale kuti muyeso wake sufanana ndi wa chida chovomerezeka. Zonse zikalephereka, bwalo la milandu likhoza kupereka chiletso, koma njirayi ndi yodula kwa anthu ambiri.

Pomaliza, lamulo limalemekezedwa likakhala losakondera. Mwini shabini amene walipitsidwa sangamvetse ngati sitolo yogulitsa mafoni ikuliza sipika pakhonde tsiku lonse, kapena mapemphero a usiku wonse akuchitika pa zokuzira mawu popanda woletsa, kapenanso ngati bala la munthu wodziwika siligwidwa.

Mizinda ya m'chigawo chino ikukula mofulumira, ndipo nyumba ndi malonda zikunka zithinana. Makhonsolo safunika kudikira makina odula kapena malamulo atsopano kuti ayambepo. Chimene chikufunika ndi chakuti tsiku limene mwini bala abwera kudzakonzanso chiphaso chake, pathebulo pakhalenso makalata a anthu amene sanagone chaka chonse.